Kalata yotseguka kwa atsogoleri a dziko la Nigeria: chiphaso cha eni nthaka chikusandutsa nzika zanu alendo

Kwa Pulezidenti Bola Tinubu, aphungu a nyumba ziwiri za malamulo ku Abuja, akuluakulu a Federal Character Commission (bungwe loona kuti maudindo a boma akugawidwa mwachilungamo pakati pa zigawo), ndi abwanamkubwa a zigawo zonse 36.

Olemekezeka,

Nkhani imene tabwera nayo ndi ya kapepala kamodzi. Mnyamata wofuna kulowa usilikali kapena upolisi, mtsikana wofuna malo payunivesite ya boma, aliyense wofunsira ntchito muunduna, amauzidwa kuti abweretse chiphaso chosonyeza kuti ndi indigene wa khonsolo imodzi mwa makhonsolo 774 a dziko lanu. Indigene ndiye kuti mwini nthaka. Chiphasochi chilibe nazo ntchito zoti munthu anabadwira kuti, wakulira kuti, msonkho amapereka kuti. Chimangofuna kudziwa kumene agogo ake aamuna anachokera. Mwana wa Mwigbo wobadwira ku Sabon Gari mumzinda wa Kano, wolankhula Chihausa ngati madzi, ayenera kukwera basi ulendo wa tsiku lathunthu kukapempha siginecha kumudzi umene mwina anangopitako pamaliro. Mwana wa Mhausa wobadwira ku Jos, likulu la chigawo cha Plateau, amene agogo a bambo ake anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya tini zaka zoposa 100 zapitazo, alibe ngakhale basi yoti akwere, chifukwa ku Kano kapena ku Katsina palibe mfumu imene ingamuzindikire.

Tinene msanga kuti sitikutsutsa mfundo yogawana maudindo pakati pa zigawo. Tikudziwa kumene inachokera. Dziko limene mtsamunda wa ku Britain Frederick Lugard analumikiza mu 1914 lili ndi mitundu ya anthu yoposa 250 ndi zinenero zoposa 500. Atsamunda analigawa m'madera akuluakulu atatu, ndipo dera lililonse linagwa m'manja mwa mtundu umodzi waukulu: Ahausa ndi Afulani kumpoto, Ayoruba kumadzulo, Aigbo kum'mawa. Anthu a mitundu ina yonse, monga a Tiv, Ijaw, Ibibio, Efik, Edo, Urhobo, Nupe, Igala, Idoma, Kanuri ndi Berom, anali ndi mantha oti ufulu ukadzabwera adzangosintha bwana. Mantha amenewa ndi amene anabweretsa komiti ya Willink mu 1957. Kenaka kunabwera kuphana kwa 1966 ndi nkhondo ya Biafra kuyambira 1967 mpaka 1970. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko a 1979 anali ataona maliro okwanira, ndipo anafuna kuti pasadzakhalenso mtundu umodzi wodya wokha. Ndime 14(3) ya malamulo a 1999 inasunga ganizo lomweli. Ndime 134, imene imafuna kuti wopambana upulezidenti apeze mavoti 25 pa 100 alionse m'zigawo ziwiri mwa zitatu zilizonse, ndi nzeru yoti maiko ena akanatengerapo. Izi zisiyeni momwe zilili.

Bowo lili pena. Ndime 147(3) imalamula pulezidenti kusankha nduna imodzi kapena kuposa kuchokera m'chigawo chilichonse, ndipo imati ndunayo ikhale indigene wa chigawocho. Koma malamulowo sanena kuti indigene ndi ndani. Ndime 318 imangozungulira pomwepo: imati munthu ndi wa chigawo chakuti ngati kholo kapena gogo wake anali wa mtundu umene ndi eni nthaka m'chigawomo. Eni nthaka kuyambira chaka chiti? Atsamunda asanafike? Mtsogoleri wachisilamu Usman dan Fodio asanayambe nkhondo yake kumpoto mu 1804? Palibe yankho. Malangizo a Federal Character Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1996, anawonjezapo chiganizo chimodzi chimene chabala mavuto ambiri: munthu angakhalenso indigene ngati khonsolo yamuvomereza. Apa ndiye kuti funso lalikulu chotere, loti nzika ya Nigeria ili ndi kwawo kapena ayi, munalisiya patebulo la tcheyamani wa khonsolo.

Mmene chiphasochi chimapezekera ndi motere. Wopempha amayamba kwa mfumu ya m'dera, kumpoto amati mai unguwa, kwa Ayoruba amati baale, kuti imulembere kalata yomuchitira umboni. Kalatayo imapita kwa mfumu yokulirapo kuti idinde. Kenaka wopempha amapita kulikulu la khonsolo ndi zithunzi zazing'ono ndi ndalama yolipira, n'kudzaza fomu yofunsa dzina la bambo, mudzi wa bambo ndi banja la bambo. Pomaliza tcheyamani kapena mlembi wa khonsolo amasaina. Zigawo zambiri zilinso ndi maofesi ku Abuja ndi ku Lagos operekerako mapepala oterewa kwa anthu awo okhala kutali. Pa sitepe iliyonse pali pogwera. Mfumu ilibe kaundula wa mabanja, imadalira kukumbukira ndi dzina la munthu, ndiye dzina lomveka lachilendo limakanidwa pakhomo pomwepo. Lamulo limatchula kholo lililonse mwa awiriwo, koma m'maofesi ambiri amatsata kwa bambo basi, moti mwana woleredwa ndi mayi yekha amasowa pogwira. Wokanidwa sapatsidwa chifukwa cholembedwa, ndipo palibe ofesi yapamwamba yokadandaulako kupatula khoti, kumene mwana wofuna malo asukulu sangadikire. Pamene oona mtima akukanidwa, wokhala ndi kangachepe m'thumba amagula chiphaso cha khonsolo imene sanapondemo phazi. Palibe kaundula mmodzi wa dziko lonse, n'chifukwa chake munthu mmodzi angathe kusunga ziphaso ziwiri, china chofunsira ntchito, china chofunsira sukulu.

Ku Jos ndi kumene mtengo wa kapepalaka unaonekera poyera. A Berom, Anaguta ndi Afizere amati mzindawo uli panthaka ya makolo awo. Ahausa ndi Afulani a mumzindawo, amene amadzitcha Jasawa, amati iwo ndi amene anaumanga pamene migodi inkatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1991 boma la Ibrahim Babangida linadula Jos pawiri n'kupanga khonsolo ya Jos North, kumene Ajasawa ndi ochuluka. Kuyambira pamenepo mpando wa tcheyamani wa Jos North unasiya kukhala nkhani ya misika ndi zinyalala. Unasanduka cholembera chimene chimasaina kapena kukana ziphaso. Mu Epulo 1994 kunabuka zipolowe chifukwa choti Mhausa anasankhidwa kutsogolera khonsoloyo. Mu Seputembala 2001 mkangano unayambira pa udindo waung'ono woyang'anira ntchito yothetsa umphawi, umene unapatsidwa kwa Mhausa, ndipo pasanathe sabata anthu pafupifupi 1,000 anali atafa. Mu Meyi 2004, kuphana kwa ku Yelwa, tauni ina ya ku Plateau, kutachitika, Pulezidenti Olusegun Obasanjo anaimitsa bwanamkubwa Joshua Dariye n'kuika chigawo cha Plateau pansi pa ulamuliro wadzidzidzi. Mu Novembala 2008 chisankho cha khonsolo yomweyo ya Jos North chinaphetsa anthu osachepera 700, malinga ndi bungwe la Human Rights Watch. Mu 2010 magazi anakhetsedwanso, ku Jos mu Januwale ndi ku Dogo Nahawa mu Malichi. Makomiti ofufuza a oweruza Fiberesima ndi Niki Tobi onse anagamula kuti eni nthaka ndi mitundu itatu ija. Chabwino. Koma palibe amene anayankha funso lotsatira: nanga enawo, amene alibe kwina kopita, chiphaso chawo akachitenge kuti? Akuluakulu athu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame a ku Jos akhala paudzu mibadwo inayi.

Ambiri akamva za Jos amathamangira kunena kuti ndi nkhondo ya Akhristu ndi Asilamu. Chipembedzo chimathirako mafuta, sitikana, koma taonani kumene moto womwewu wayaka popanda kusiyana kwa chipembedzo kapena chinenero. A Ife ndi a Modakeke onse ndi Ayoruba. Makolo a Amodakeke anathawira ku Ife ufumu wa Oyo utagwa m'zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ankaphanabe pa nkhani ya khonsolo. Ku Warri mu 1997 zinangotengera kusamutsa likulu la khonsolo yatsopano kuchoka ku Ogbe-Ijoh, mudzi wa Aijaw, kupita ku Ogidigben, mudzi wa Aitsekiri.  Ndipo mu 2011 boma la chigawo cha Abia, pansi pa bwanamkubwa Theodore Orji, linachotsa ntchito antchito aboma amene sanali eni nthaka pofuna kupeza ndalama zolipirira malipiro atsopano a 18,000 naira. Ambiri mwa ochotsedwawo anali Aigbo anzawo a m'zigawo zoyandikana, ena a ku Imo, chigawo chimene Abia inadulidwako mu 1991.

Apa pali chinthu chimene mumachinyalanyaza mukamalandira zopempha zoti pakhale zigawo zatsopano. Dziko linali ndi zigawo 12 mu 1967, 19 mu 1976, 21 mu 1987, 30 mu 1991, ndipo 36 mu 1996. Nthawi iliyonse imene mpeni unadutsa pamapu, mtundu wina waung'ono unapeza nyumba yake, inde, koma anthu ena masauzande anagona ali eni mudzi n'kudzuka ali obwera, asanasunthe ndi mphasa yomwe. Woweruza Akon Ikpeme anagwira ntchito moyo wake wonse ku Cross River ndipo anakwatiwa komweko. Mu 2020 nyumba ya malamulo ya chigawocho inakana kumuvomereza kukhala mkulu wa oweruza poti makolo ake ndi a ku Akwa Ibom, dera limene mpaka 1987 linali mbali ya Cross River yomweyo. Anadzalumbira mu 2021 anthu atapokosera. Zofanana nazo zinamugwera woweruza Ifeoma Jombo-Ofo mu 2012, pamene kulumbira kwake kukhala woweruza wa khoti la apilo kunaimitsidwa poti anabadwa wa ku Anambra koma anasankhidwa pa malo a chigawo cha Abia, kwa mwamuna wake. Ngati oweruza a makhoti akuluakulu akuvutika chotere, nanga namwino kapena mphunzitsi wa pulayimale? Malangizo a Federal Character Commission amati mkazi wokwatiwa azionedwabe ngati wa kwa makolo ake. Kwa makolo akeko amamuuza kuti wapita kubanja. Mu Malichi 2022 aphungu munali ndi mwayi wokonza izi kudzera mu bilu yopatsa mkazi ufulu wa chigawo cha mwamuna wake pakatha zaka zisanu zaukwati, ndipo munaikana.

Mwina mungakumbukire kuti Nnamdi Azikiwe, pulezidenti woyamba wa Nigeria, ndi Odumegwu Ojukwu, mtsogoleri wa Biafra, onse Aigbo, anabadwira ku Zungeru, kumpoto, ndiponso kuti m'zaka za m'ma 1950 meya wa mzinda wa Enugu, pakati penipeni pa Aigbo, anali Umaru Altine, Mfulani wogulitsa ng'ombe. Lero bambo ameneyo akanayamba wafunsidwa chiphaso.

Tibwere ku manambala, poti kapepalaka mphamvu yake ili m'manambala. Pa ntchito za boma lalikulu, chigawo chilichonse chiyenera kukhala ndi antchito osachepera 2.5 ndiponso osaposa 3 pa 100 alionse. M'mayunivesite a boma lalikulu, malo 45 pa 100 amapita kwa okhoza bwino, 35 kwa a m'zigawo zozungulira sukuluyo, ndipo 20 kwa a m'zigawo zotsalira pamaphunziro. Pamayeso olowera sekondale za boma lalikulu mu 2013, mwana wa ku Anambra, chigawo cha Aigbo, ankafunika mamalikisi 139, pamene mnyamata wa ku Zamfara, chigawo cha kumpoto, ankafunika 4 ndipo mtsikana 2. Ife a kuno kummwera kwa Africa nkhani ya kota ya sukulu siyachilendo, ku Malawi inautsa mapiri pachigwa kwa zaka zambiri, ndiye sitikudabwa kuti dera lotsalira likufuna kukwezedwa. Chodabwitsa n'choti thandizolo silitsata mwana wovutikayo, limatsata agogo ake. Mwana wa mkulu wa boma wochokera ku Zamfara, wophunzira pasukulu yolipira ku Abuja, amalowa ndi mamalikisi a Zamfara. Mwana wa wogulitsa zitsulo za galimoto wochokera ku Anambra, amene wakhala pansi m'kalasi imodzi ndi ana a ku Gusau, likulu la Zamfara, mphunzitsi yemweyo, kusowa mabuku komweko, amayesedwa ndi muyeso wa Anambra. Mwana weniweni wa kumudzi ku Zamfara, amene kota inapangidwira, malo ake atengedwa kale ndi wa ku Abuja uja.

Chinanso chimene sichimveka bwino ndi cha ndalama. Makhonsolo amalandira 20.60 pa 100 ya ndalama zogawana za dziko, ndipo pogawa, gawo la 30 pa 100 limatsata chiwerengero cha anthu. Kalembera amawerenga aliyense wogona m'deralo, mwini nthaka ndi wobwera yemwe. Msonkho wa pamalipiro umapita kuchigawo chimene munthu akukhala. Voti amaponyera kumene analembetsa. Ndiye kuti boma limadziwa bwinobwino kupeza kumene munthu amakhala ikakhala nthawi yotolera. Ikafika nthawi yopereka thandizo la fizi, kapena yolipiritsa ana payunivesite ya chigawo, kumene obwera amalipira zambiri kuposa eni nthaka, pamenepo mpamene limakumbukira za agogo. Ndime 42 imaletsa tsankho lotengera kumene munthu anachokera. Ndime 15(3) imalamula boma kuonetsetsa kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wonse wokhala paliponse m'dzikomo, koma ili m'mutu wachiwiri wa malamulo, umene ndime 6(6)(c) imati makhoti sangaukakamize. Kugawana maudindo munakupatsa bungwe ndi mano. Ufulu wa wokhala munausiya pamapepala.

Mantha a mitundu ing'onoing'ono sitikuwapeputsa. Mberom akaona mizinda ya kumpoto kumene iye sangalote n'komwe zopatsidwa udindo, ali ndi chifukwa chofunsira kuti bwanji iye yekha ndiye atsegule chitseko. A Gbagyi anaona nthaka yawo ikusanduka Abuja kuyambira 1976, ambiri akusamutsidwa, ndipo safunika kuuzidwa kuti kuchulukidwa n'kutani. Bilu ya wachiwiri kwa sipikala Benjamin Kalu, yofuna kupatsa anthu okhalitsa pamalo ufulu wa eni nthaka, inabwezedwa mu 2025 anthu atakana mwamphamvu. Ife tikuona kuti inagwa chifukwa inagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu zitatu zosiyana. Munthu akamva kuti wobwera asanduka indigene, amamva kuti mawa adzavala chisoti cha Gbong Gwom, mfumu yaikulu ya ku Jos, kapena adzagawa manda a makolo.

Choncho pempho lathu loyamba ndi loti mulekanitse zinthu zitatuzi m'lamulo. Ufumu, miyambo, malo opatulika ndi nthaka ya mabanja zikhale za eni ake monga mwa mwambo wa mtundu uliwonse, ndipo lamulo linene zimenezi momveka kuti pasakhale wonamiza anthu pamisonkhano. Thandizo la boma la tsiku ndi tsiku, monga fizi, chipatala, malo a pamsika ndi ntchito za m'chigawo, litsate kumene munthu akukhala ndi kupereka msonkho. Chachitatu, chowerengera kota ya boma lalikulu, ndicho chofunika kusamala: munthu aliyense alembetse chigawo chimodzi chokha, kaya cha makolo a mbali iliyonse, kaya chimene wakhalamo zaka khumi zotsatizana, kaya cha mwamuna kapena mkazi wake, ndipo akasankha asaloledwe kusintha pasanathe zaka khumi zina. Popanda chotchinga chimenechi, anthu a m'zigawo zopikisana kwambiri adzathamangira kukalembetsa kumene mamalikisi ndi otsika, ndipo a kumpoto adzakhala ndi chifukwa chomveka chokanira.

Umboni wa zaka khumizo usakhale pakamwa pa mfumu. Pali satifiketi yakubadwa ya National Population Commission, makaundula a sukulu, mapepala a msonkho, khadi la voti, ndi nambala ya chiphaso cha dziko (NIN) ya manambala 11 imene bungwe la ziphaso la NIMC limapereka. Zitatu mwa izi zikagwirizana, kalaliki asaine, ndipo chisankhocho chimangiriridwe ku NIN kuti chiphaso chachiwiri chisatuluke kwina. Lagos ili ndi bungwe lolembetsa okhalamo kuyambira 2011, Kaduna nayo inatsatira, ndiye pophunzirira palipo. Pangozi ndi pa anthu akumidzi ndi abusa oyendayenda amene alibe pepala lililonse mwa amenewa. Kwa iwo pakhale njira ya mboni ziwiri zolumbira pamaso pa majisitireti, osati pamaso pa tcheyamani amene mpando wake ukudalira kuti chiwerengero cha mtundu wina chisakwere. Kota ya sukulu yokha itsate kumene mwana anaphunzira zaka zitatu zomaliza za pulayimale kapena sekondale, chifukwa kutsalira pamaphunziro kuli m'kalasi, sikuli m'magazi.

Za kalembera tinene mwachidule. Womaliza anachitika mu 2006 ndipo anapeza anthu 140 miliyoni. Wa 2023 anaimitsidwa. Kalembera wa 1991 ndi wa 2006 sanafunse mtundu kapena chipembedzo, ndipo pokumbukira mmene wa 1962 ndi wa 1973 anathera m'dzala chifukwa cha mikangano, tikumvetsa. Musafunse mtundu ngati mukuopa. Koma funsani kumene munthu anabadwira ndi zaka zimene wakhala pamene alipo, kuti mudziwe kuti ndi anthu angati amene akukhala kunja kwa khonsolo ya makolo awo. Pakadali pano mukukangana za anthu amene simunawawerenge.

Kusintha ndime 147(3) ndi 318 kukufuna magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba zonse ziwiri komanso kuvomereza kwa nyumba za malamulo za zigawo 24. Zimenezo zitenga nthawi. Koma malangizo a Federal Character Commission si malamulo oyendetsera dziko. Bungwelo lingathe kuwalembanso, pulezidenti n'kuvomereza. Yambani ndi chiganizo cha mkazi wokwatiwa, mumupatse ufulu wosankha yekha. Chotsani chiganizo chopatsa khonsolo mphamvu yovomereza amene yamukonda, muikepo mndandanda wa maumboni. Lamulani kuti khonsolo iliyonse yokana chiphaso ipereke chifukwa cholembedwa pasanathe masiku 30, ndipo wokanidwa akadandaule kuofesi ya bungweli m'chigawo chake. Amene makhonsolo awiri amukana, wa kumene anabadwira ndi wa kumene akuti makolo ake anachokera, apatsidwe chiphaso ndi bungwelo m'dzina la khonsolo imene anabadwira, ndipo ofesi yolemba asilikali, apolisi ndi JAMB, bungwe la mayeso olowera kuyunivesite, azichilandira.

Ndife, mwaulemu,

Otsatira nkhani za malamulo ndi unzika m'maiko a Africa